Kusukulu akumukana mwana wanu wa autism? Mafunso ndi mayankho kwa makolo a ku Chikwawa ndi Nsanje

Mafunso awa ndi omwe makolo anzanga akhala akundifunsa kumsika, kutchalitchi ndi pa WhatsApp, chimvereni kuti mwana wanga, yemwe anabwezedwa kusukulu kawiri konse, pano amalawira m'kalasi tsiku lililonse. Ine ndimasoka zovala pakhonde m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Nchalo ndi Ngabu. Mnyamata wangayo ali ndi zaka 11. Zambiri zomwe ndalemba pano ndinazidziwira pa mabenchi a m'maofesi, ndikudikira abwana.

Autism n'chiyani, poti mawuwa sitinakule nawo?

Ndi momwe ubongo wa mwana unakulira kuyambira pachiyambi, ndipo zimaonekera pa kalankhulidwe, kachezedwe ndi momwe amamvera phokoso, kuwala, fungo kapena kukhudzidwa. Wina salankhula n'komwe. Wina amalankhula koma mongobwereza zomwe wamva. Mukamuitana satembenuka, chikhalirecho makutu ali bwinobwino: pepala la siwiti likangoti khwaa, wamva kale. Wanga amandandalika zitsekerero za mabotolo pakhonde, mzere wowongoka ngati wa thonje, ndipo wina akangochotsapo chimodzi ndiye kuti tsiku lonse lawonongeka.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism. Sichibwera ndi katemera, si tsoka la mayi, ndipo palibe amene anam'khwimira mwanayo. Ndikunena izi chifukwa ine pomwe ndinagula makina achiwiri, anthu ankanong'onezana kuti ndinamusandutsa mwana ndondocha kuti bizinesi iyende. Palibenso mankhwala ochiza autism, kaya a kuchipatala kaya a kwa sing'anga. Chomwe chimasintha mwana ndi kuphunzitsidwa m'njira yomuyenera.

A hedi andiuza kuti "mwanayu si wa kuno". Kodi ali ndi mphamvu yomukana?

Ayi. Gawo 25 la Malamulo Aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Sukulu ya pulayimale ya boma ndi yaulere kuyambira mu 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linati mwana aliyense akuyenera kupita ku pulayimale, osati mwakufuna kwake kapena kwa makolo. Mu 2024 kunabweranso lamulo latsopano la anthu a ulumali, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012. Ndondomeko ya unduna ndi yoti ana a ulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo, sukulu n'kumasintha zina kuti mwanayo akwanepo.

Komatu a hedi kawirikawiri sanena kuti "ndakana". Kwa ine zinali chonchi. Mwana atangotha masiku anayi mu Sitandade 1, ndinaitanidwa. Ndinapatsidwa mpando, ulemu wonse, n'kuuzidwa kuti: "Mayi, ife tilibe ukadaulo wake. Akusokoneza anzake. Bwanji ayambe wakhala kunyumba, mukafufuze sukulu ya anzake." Ndinathokoza, n'kumugwira dzanja mwana wanga kubwerera. Chaka chonse chinatha ali pakhonde, pambali pa makina.

Chomwe ndinalakwitsa n'kuchoka wopanda pepala. Gawo 43 la Malamulo Aakulu limati wogwira ntchito m'boma akapanga chiganizo chokhudza ufulu wanu, mukuyenera kupatsidwa zifukwa zake zolembedwa. Ndiye mukauzidwa kuti mwana akhale kunyumba, yankhani mofatsa kuti: "Zikomo aphunzitsi, ndamva. Mundilembereko zimenezi pa pepala, muikepo tsiku ndi chidindo, kuti ndikaonetse kwa a PEA." A PEA ndi mlangizi woyang'anira sukulu za pulayimale za m'zoni yanu. Mudzaona nkhani ikusintha pomwepo. Kunena pakamwa n'kosavuta, koma kusainira kuti wabweza mwana wa ulumali, ndi ochepa angalimbe mtima.

Nanga "sukulu ya anzake" imeneyo ili kuti?

Funso limeneli likanafunsidwa msanga, ambirife sitikanataya zaka. Sukulu zapadera zomwe anthu amazidziwa, monga Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba, ndi za ana osamva. Zina, monga Chilanga ku Kasungu, ndi za ana osaona. Mwana wa autism yemwe amamva ndi kuona bwino si wa kumeneko, ngakhale akhale wosalankhula.

Chomwe boma lili nacho cha ana ngati athuwa ndi resource centre: chipinda pa sukulu ya pulayimale wamba, momwe mumakhala mphunzitsi wa special needs, kutanthauza wa ana ofunika thandizo lapadera. Aphunzitsi amenewa ambiri anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndipo amagawidwa: ena ndi a ana osaona, ena a osamva, ena a ana ovutika kuphunzira, omwe m'maofesi amati learning difficulties. Ana a autism amawerengedwa m'gulu lomalizali. Gwirani bwino mawu amenewa. Mukangonena kuti "ndikufuna resource centre", akhoza kukulozerani komwe kuli mphunzitsi wa braille, zilembo za osaona zija, munthu waluso ndithu, koma luso lake si la mwana wanu.

Ine kuona kwanga, kulimbana kuti mwana apite ku nyumba yolembedwa kuti "special school" n'kuthamangitsa mphepo. Limbanirani zinthu ziwiri: mphunzitsi wodziwa za learning difficulties, ndi malo omwe mwana angafikeko m'mawa uliwonse, ngakhale mu Febuluwale mvula ili pakati.

Apilo imayambira pati?

Musayembekezere fomu ya apilo kapena bwalo lapadera. Apilo yake ndi kukwera makwerero, ndipo pa sitepe iliyonse musiyepo kalata.

Poyamba ndi mphunzitsi wamkulu. Kalata yomweyo mupatsenso wapampando wa komiti ya sukulu ndi amayi a Mother Group, poti kuonetsetsa kuti ana abwerera m'kalasi ndi ntchito yawo kale. Zikakanika, pitani ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu, mukaonane ndi a PEA. Amenewa ndiye amadziwa sukulu yomwe ili ndi mphunzitsi wa special needs m'zoni yawo ndi zoni zoyandikana, ndipo akalankhula a hedi amamva. Nkhani zambiri zimathera pamenepa. Yanga inathera pamenepa ulendo wachiwiri, nditataya kale chaka.

Pamwamba pa a PEA pali ofesi ya maphunziro ya pa boma, ku Chikwawa kapena ku Nsanje, yomwe tonse timangoti kwa a DEM ngakhale maina a maudindo anasinthako. Mukafika, funsani yemwe amaona za special needs kapena inclusive education. Kupitirira apo ndi ofesi ya divishoni ku Blantyre, popeza maboma athu awiriwa ali pansi pa South West Education Division, kenako unduna ku Lilongwe.

Musalumphe sitepe. Mukathamangira ku boma musanaonane ndi a PEA, funso loyamba lidzakhala lakuti "a PEA akuti chiyani?", ndipo ndalama ya minibasi idzakhala yapita pachabe.

M'kalatamo ndilembemo chiyani?

Tsamba limodzi basi. Dzina la mwana, zaka, mudzi ndi mfumu yaikulu. Tsiku lomwe munapita naye kusukulu, ndi mawu omwe munauzidwa, monga momwe anayankhulidwira, osathira mchere. Kenako zomwe mwana amatha: amavala yekha, amadziwa manambala mpaka 20, amamva mukamuonetsa chithunzi. Izi anthu amaiwala, amangolemba mavuto okhaokha, wowerenga n'kuona ngati mwanayo palibe chomwe angaphunzire. Lembaninso zomwe zimamuvuta ndi chomwe chimathandiza.

Chofunika koposa ndi pempho lomveka. "Mundithandize" si pempho. Nenani kuti: "Ndikupempha kuti mwana wanga aonedwe ndi mphunzitsi wa learning difficulties teremu ino isanathe, ndipo alembedwe m'kaundula wa sukulu pomwe tikudikira." Pomaliza pemphani yankho lolembedwa pasanathe masabata awiri, muikepo nambala ya foni.

Konzani makope atatu. Popereka, pemphani kuti pa kope yanu adindepo ndi kulemba tsiku. Ine ndinagula kope lachikuto cholimba, ndipo ulendo uliwonse ndinkalemba tsiku, ofesi, udindo wa yemwe ndalankhula naye ndi zomwe wanena. Tsiku lina bwana wina anati sanamvepo za nkhaniyi. Ndinangotsegula kopelo n'kuwerenga tsiku lomwe tinakumana ndi zomwe analonjeza. Anaseka, n'kutenga foni.

Ndilembe m'Chingerezi?

Lembani m'Chichewa ngati ndi chomwe mumatha. Kalata yomveka ya m'Chichewa imaposa ya Chingerezi chobwereka. Ngati pakhomo mumalankhula Chisena kapena Chimang'anja, tchulani zimenezo, chifukwa mwana yemwe mawu ake ndi ochepa kale akhoza kuoneka ngati sakumva kanthu pomwe vuto ndi chiyankhulo chomwe akufunsidwira.

Akuti ndibweretse kaye pepala la kuchipatala. Ndilitenge kuti?

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanu, akutumizeni ku chipatala chachikulu cha boma, komwe mungafunse a zamaganizo kapena a rehabilitation. Akaona kuti m'pofunika, amalemba kalata yopita ku Queens ku Blantyre, ku Gulupu kuja, komwe kuli madokotala a ana. Pemphani kuti amuyeze makutu, popeza mwana wosamva amathanso kuoneka chimodzimodzi. Nenani ngati anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo, kapena ngati amagwa khunyu. Khunyu imapezeka mwa ana ena a autism, ndipo iyo ndiye ili ndi mankhwala. Zonse zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, ndipo musachoke dokotala asanalembe mawu oti mwanayu akufunika thandizo lapadera kusukulu.

Ulendowo si wamasewera. Kuchokera pa Chikwawa boma ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma ndi okwera zitunda za Thabwa m'minibasi yodzaza, wailesi ili pamwamba. Wochokera ku Nsanje ndiye ayenda makilomita oposa 170. Ine ndinalipira mpando wa mwana pawindo, osati womufukata, ndinanyamula zitsekerero zake m'jumbo ndi chitenje chofunda kumutu phokoso likamukwana. Lawirani ndi galimoto yoyamba, dzuwa lisanapse.

Koma pepala la dokotala lisakhale chotsekera pakhomo. Limathandiza kuti mwana apatsidwe thandizo loyenera. Ufulu wolembedwa sukulu ali nawo kale, pepala lilipo kapena palibe.

Anamulandira, koma amangokhala kumbuyo, ikamakwana 9 koloko am'tulutsa. Pamenepa ndidandaulenso?

Eya, ndipo apilo yeniyeni ndi imeneyi. Dzina m'kaundula si maphunziro.

Ganizirani kalasi ya Sitandade 1 kuno kwathu mu Okutobala. Ana oposa 100 akhala pansi, mapewa kugundana, onse akukuwa "a, e, i, o, u" pamodzi. Malata atentha, panja kutentha kwadutsa madigiri 40. Kenako wina amenya limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo ija kuti ndi belu. Wanga ankagwira makutu, n'kuthamanga osayang'ana kumbuyo, mpaka kukabisala kuseri kwa zimbudzi. Aphunzitsi ankati ndi mwano. Sunali mwano. Kwa iye kulira kwa limu kumapweteka ngati kubayidwa.

Pemphani msonkhano wa inu, a hedi, mphunzitsi wa kalasi ndi mphunzitsi wa special needs, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe. Aphunzitsi a special needs amadziwa za pulani ya mwana payekha, yomwe amaitcha IEP: zinthu zochepa zoti mwana aphunzire teremu imeneyo, ndi momwe aziphunzitsidwira. Zambiri zomwe zinatithandiza ife sizinadye ndalama. Anamuika kutsogolo pafupi ndi khomo, malo omwewo tsiku lililonse. Mtsikana wina wa m'kalasimo ankamuuza belu lisanalire kuti atseke makutu. Ndandanda ya tsiku tinaijambula pa katoni: phala, kuwerenga, kusewera, kunyumba. Analoledwa kutuluka kukakhala pansi pa mtengo wa nimu mutu ukadzaza, n'kubwerera yekha. Za kuchimbudzi tinagwirizana kuti azimukumbutsa nthawi imodzimodzi, osadikira kuti apemphe, poti sapempha.

Akanena kuti ayambe ndi maola awiri okha, mukhoza kuvomera, koma palembedwe tsiku lomwe mudzakumanenso kuti muwonjezere. Popanda tsiku limenelo, maola awiriwo adzafika nawo Sitandade 4.

Ndinenenso chilungamo: mphunzitsi yemwe ali yekha ndi ana 100 si mdani wanu. Mukamafika ngati wodzam'zenga mlandu, adzadzitchinjiriza. Ine ndinayamba kupambana tsiku lomwe ndinati, "Madamu, tiyeni tilembe limodzi kwa a PEA kuti akutumizireni wothandiza."

Komwe kuli mphunzitsi woyenera n'kutali. Ndim'samutse?

Werengani kaye mtengo wa kabaza kupita ndi kubwera, masiku asanu pa sabata, teremu yonse. Onaninso ngati mwana angakhazikike pa njinga ndi munthu wachilendo. Kwa a ku East Bank, kapena omwe njira yawo imadutsa mitsinje ngati Mwanza ndi Lalanje, dzifunseni kuti mu Januwale njirayo imakhalapo kodi.

Pali njira yapakati yomwe ambiri saidziwa. Aphunzitsi ena a special needs amayendera sukulu zingapo. Mukhoza kupempha kuti mwana akhale pa sukulu yapafupi, mphunzitsiyo azibwera pa masiku odziwika kudzamuona ndi kulangiza mphunzitsi wa kalasi. Vuto lake limakhala mayendedwe a mphunzitsiyo, n'chifukwa chake masikuwo alembedwe ndipo a PEA adziwe. Mukasankha kusamutsa, tengani kalata ya transfer, ndipo musam'chotse uku musanamve kuti uko am'landira.

Bwanji ndingomutumiza kwa achibale ku Blantyre, kapena ku sukulu yolipira?

M'tauni muli malo olipira omwe amalandira ana a autism. Musanagulitse ng'ombe, pitaniko nokha nthawi ya maphunziro, osati Loweruka. Onani kuti mphunzitsi mmodzi ali ndi ana angati, ndipo funsani kuti mwana akalusa amatani naye. Mukamva za kum'tsekera m'chipinda kapena kum'manga, tulukani.

Za kumusiya kwa achibale ndimazikayikira. Mwana wosalankhula sanganene kuti wamenyedwa, wagona ndi njala kapena wagwiriridwa. Makamaka mtsikana. Azakhali akhoza kukhala ndi mtima wabwino, koma sadziwa kuti akamaluma dzanja ndiye kuti mutu ukum'pweteka.

Ku ofesi ya boma sakuyankha. Kwatsala kuti?

Lembaninso kachiwiri, mutchule tsiku la kalata yoyamba, kope ipite ku divishoni. Pakapanda yankho, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo okhudza maofesi a boma omwe achita zosalungama kapena angokhala chete, ndipo salipiritsa. Malawi Human Rights Commission imaona za kuphwanyidwa kwa ufulu, kusalidwa chifukwa cha ulumali kuli momwemo. Onse awiri ali ndi maofesi ku Blantyre. Nkhani ikafika pofuna loya inu mulibe ndalama, kuli Legal Aid Bureau.

Musayende nokha. Pitani ku ofesi ya Social Welfare pa boma, ndipo funsani za MACODA, bungwe la boma loona za anthu a ulumali, yomwe kale inali MACOHA. Kuli FEDOMA, yomwe imasonkhanitsa mabungwe a anthu a ulumali, ndi PODCAM, bungwe la makolo a ana a ulumali. Mutu umodzi susenza denga: makolo asanu a m'zoni imodzi akalemba kalata imodzi yopempha mphunzitsi wa learning difficulties, ofesi imakhala ndi chifukwa chom'tumizira, kusiyana ndi kholo limodzi lolira palokha.

Ngati mwana wamenyedwa kapena wachitidwa nkhanza kusukulu, imeneyo si nkhani ya makwerero. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi.

Ndikadandaula, sadzamuda mwana wanga?

Mantha amenewa ndinali nawo, ndipo si opanda pake, poti a hedi timakumana nawo pa maliro ndi pa mjigo. N'chifukwa chake kalata izinena zomwe zinachitika ndi zomwe mukupempha, osatukwana munthu. Auzeni a hedi musanapite kwa a PEA, asamve kwa ena. Ndipo musayambe ndi Facebook. Mukaika nkhope ya mwana ndi dzina la sukulu pa intaneti, zitseko zomwe zikanatseguka zimatsekeka, chithunzicho n'kutsala pamenepo mpaka mwanayo atakula.

Amfumu kapena a khansala angathandize?

Amfumu amathandiza kwambiri pa zonena za anthu ndi ana omwe amam'gema panjira. Mawu awo pa msonkhano wa mudzi amaletsa zambiri. Khansala akhoza kukankha nkhani ya chipinda ku khonsolo. Koma kutumiza mphunzitsi ndi ntchito ya ofesi ya maphunziro.

Ali ndi zaka 10, sanalowepo m'kalasi. Tachedwa?

Zaka zoyambira Sitandade 1 ndi 6, koma kupitirira apo si chifukwa chomukanira. Pemphani kuti mphunzitsi wa special needs amuone kaye, anene koyambira. Amene mwana wanu akadali wamng'ono, m'pititseni ku sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi kuti azolowere kukhala pakati pa anzake, ndipo kaonaneni ndi a hedi mu Julayi kapena Ogasiti, sukulu zisanatsegulire mu Seputembala. Akadzafika Sitandade 8, kumbutsani sukulu msanga kuti polembetsa mayeso ku MANEB atchule kuti ndi wa special needs.

Madzi akasefukira, sukulu n'kusanduka kampu, zomwe tinagwirizana zija zimatha?

Sizitha pa lamulo, koma zimaiwalika. Tinaziona mu 2015, mu 2019, pa namondwe Ana mu 2022, ndi pa Freddy mu Malichi 2023: m'makalasi mumagona mabanja, ana amaphunzirira m'matenti kapena pansi pa mitengo, aphunzitsi ena amasamuka. Kwa mwana yemwe moyo wake wonse wagona pa kuti lero lifanane ndi dzulo, zimenezi ndi chipwirikiti chachikulu. Wanga pa Freddy anasiya mawu ochepa omwe anali nawo, ndipo mawuwo anabwerera patapita miyezi.

Mapepala onse, buku la kuchipatala, makalata odindidwa ndi pulani ya kusukulu, ajambuleni pa foni ndi kutumiza kwa m'bale wodalirika yemwe amakhala kumtunda. Enieniwo akulungeni m'mapulasitiki awiri. Mukafika pa kampu, uzani olemba maina kuti muli ndi mwana wa ulumali, mupemphe pangodya, kutali ndi khomo ndi zokuzira mawu. Sukulu ikatsegulira, musaganize kuti akukumbukira. Pitani ndi pepala lija sabata yoyamba, ndipo ngati mphunzitsi wasintha, yambiraninso kufotokoza za belu, za khomo ndi za mtengo wa nimu.

Mapepala anga ndimasunga m'chitini cha mabisiketi, pamwamba pa kabati, pamodzi ndi katoni ya ndandanda ndi zitsekerero zingapo zoti ayambire mzere kulikonse komwe tingakagone.